Kupembedza Koyambira pa Mafuwa



Phunziro ili ndi lowerengera pamodzi pa gulu la maphunziro. Tiwerenge mopatsana mpata, gawo ndi gawo, ndipo wina akafuna kulankhulapo tiime kaye n'kumumvera. Mafunso okambirana ali kumapeto.

1. Funso la mayi wina

M'mwezi wa Malichi 2023, ife a Bahá'í tili mkati mwa masiku 19 osala kudya, namondwe wa Freddy adafika m'chigawo cha kummwera. Mvula idagwa usana ndi usiku osakata. Matope ndi miyala zidatsetsereka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe anthu ali momwemo. Ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi m'chigwa cha Shire kudali maliro okhaokha. Anthu mazanamazana adamwalira, ndipo ena matupi awo sadapezeke. Chaka chimenecho Naw-Rúz idatipeza tili m'chisoni.

Madzi ataphwa tidakumananso pa gulu lathu, ndipo nkhani ya chilengedwe idali pakamwa pa aliyense. Wina adanena za mapiri amene atsala mbee ngati mutu wometa mpala. Wina adanena za makala, wina za majumbo otseka ngalande. Tonse tidalankhula zomveka, n'kugwirizana kuti anthu akuwononga dziko. Pamenepo mayi wina amene adali chete nthawi yonseyi adati: "Abale anga, zonse mwanenazi n'zoona. Koma anthu mukuwanenawo ndani? Ine thumba la makala ndagula dzulo lomweli. Ndikapanda kugula, ana anga mawa ndiwaphikira ndi chiyani?"

Padalibe woyankha. Pafupi ndi mayiyo padakhala bambo wina amene tonse tinkadziwa kuti fizi ya ana ake imachokera pa njinga yonyamula makala. Iye adangowerama. Tsiku limenelo tidazindikira kuti takhala tikunena za "anthu" ngati kuti ifeyo kwathu sitikoleza moto.

Phunziro ili lidabadwa pa funso la mayi uja. Mfundo yake ndi imodzi: kusamalira zimene Mulungu adalenga ndi mbali ya kupembedza kwathu, ndipo kupembedza kumeneku kumayambira pakhomo pathu, pa mafuwa, pa dzala ndi pa ndowa ya madzi.

2. Kodi chilengedwe n'chiyani kwa ife?

Bahá'u'lláh amatiphunzitsa kuti chilengedwe ndi chifuniro cha Mulungu chimene chaonekera m'dziko lino, ndipo kuti cholengedwa chilichonse chili ndi chizindikiro cha Mlengi wake. Nyanja imatikumbutsa ukulu wa Mulungu, mvula kuwolowa manja kwake, njere yophukira mphamvu yake yopatsa moyo. Sitipembedza mtengo kapena phiri. Komabe munthu akalandira kalata yochokera kwa amene amamukonda, sayatsira moto kalatayo.

Bahá'u'lláh Mwiniwake ankakonda minda ndi kumidzi. Uthenga wake adaulengeza mu Epulo 1863 m'munda wa maluwa m'mbali mwa mtsinje wa Tigris ku Baghdad, munda umene timautcha Riḍván. Mu 1868 adamutsekera mu mzinda wa 'Akká, wozunguliridwa ndi malinga a miyala, wa mpweya woipa ndi madzi oipa. Patapita zaka 9, tsiku lina Iye adatchula kuti nthawi yonseyo sadaone malo obiriwira. Mwana wake, 'Abdu'l-Bahá, atamva mawuwo adamva chimene chidali mumtima mwa Atate ake, ndipo adachita lendi nyumba ya kumudzi ku Mazra'ih, kumene Bahá'u'lláh adasamukira mu 1877. Tikamakumbukira masautso ake timatchula unyolo, njala ndi kuthamangitsidwa. Tiwonjezerepo ichi: kumanidwa kuona mtengo kudali limodzi mwa masautsowo. Nanga ana athu akadzakula m'dera lopanda mthunzi, adzakhala atawamana ndani?

Palinso phunziro lina la Bahá'u'lláh lokhudza nthaka. Iye amati munthu wozindikira amayenda pansi pano modzichepetsa, podziwa kuti chuma chake chonse, ulemu wake ndi mphamvu zake zimachokera m'dothi lomwelo limene mapazi a anthu onse amaponda. Mlimi amadziwa izi popanda womuuza. Wa m'tauni amaiwala, chifukwa ufa amaugula ku golosale, koma ufawo udachokera m'nthaka, ndipo thumba la makala lidali mtengo.

Mu 1933, kalata yolembedwa m'malo mwa Shoghi Effendi, Mtetezi wa Chipembedzo chathu, idafotokoza kuti mtima wa munthu sungalekanitsidwe ndi malo amene amuzungulira. Zimene zili mumtima zimaumba malo amene tikukhala, ndipo malowo nawonso amaumba mtima. Ndiye tikamanena za khitchini ndi dzala pa gulu la maphunziro sitidasiye zauzimu ayi.

3. Muyeso ndi chilungamo

Bahá'u'lláh adachenjeza kuti chilichonse chikapyola muyeso chimaleka kukhala chopindulitsa, ndipo adanena kuti ngakhale chitukuko chimene anthu ophunzira amachinyadira, chikapyola malire, chidzabweretsa zoipa zofanana ndi zabwino zimene chikadabweretsa chikadakhala pa muyeso. Adanena izi zaka zoposa 130 zapitazo, asayansi asadayambe kuchenjeza dziko lonse kuti utsi wa malasha, mafuta ndi gasi ukutenthetsa mlengalenga.

Apa tiyenera kunena zoona. Mbali yaikulu ya utsi umene ukusintha nyengo sidachokere pa mafuwa a ku Phalombe. Idachokera m'mafakitale, m'magalimoto ndi m'malo opangira magetsi a mayiko olemera. Mvula ya Freddy idali yochuluka moti ndi malo ena a mitengo omwe adagumuka. Amene adamwalira sadali ochimwa kuposa ife otsala, ndipo aliyense wonena kuti chidali chilango chawo akuwonjezera bala pa bala. Chilungamo chimafuna kuti amene adawononga zambiri asenze katundu wamkulu pokonza.

Koma chilungamo chomwecho chimatiyang'ananso ife. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi, ndipo mitengoyo ambiri a ife tidaiphikira. Kupyola muyeso kumapezeka ndi m'nyumba zosauka zomwe: mbaula yosiyidwa ikuyaka kuphika kutatha, nsima yophika yambiri n'kukataya m'mawa, tchire lonse lotenthedwa chifukwa cha mbewa zochepa. M'nyumba za opeza bwino kumachuluka kwambiri: zakudya zotayidwa pa ukwati, mabotolo ndi mbale zapulasitiki zogwiritsa ntchito kamodzi, matumba awiri a makala pamwezi m'nyumba imene muli magetsi ndi ndalama zogulira gasi.

Timaphunzitsidwa kudziwerengera zochita zathu tsiku lililonse, ndi kuyang'ana zolakwa zathu m'malo mwa za anzathu. Miseche ndi yoletsedwa kwa ife, ndipo siisanduka yabwino chifukwa choti ikunenedwa m'dzina la chilengedwe. Tsiku lija tidalakwira bambo wa njinga uja. Tidamuweruza iye ali pomwepo, makala ake omwewo akuyaka m'mbaula zathu.

4. Pa moto wophikira

Kalembera wa 2018 adaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Pa uvuni wa dothi, mbali yaikulu ya mtengo imathera mu utsi, moti kuti thumba limodzi la makala lituluke pamafunika nkhuni zolemera kuposa thumbalo kangapo. Mitengo ikatha m'mapiri, mvula imakokolola dothi n'kulitsira m'mitsinje. Dothi ndi zinyalala zikafika mu Shire zimatseka makina a magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Magetsi akazima, a m'tauni amathamangira makala, ndipo mitengo ina imagwa. Ku Lilongwe nkhani ndi yomweyo: mtsinje umene mzindawo umamwa umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama, kumenenso kumachokera makala ambiri a mumzindamo. Mbaula yathu ndi mpopi wathu n'zolumikizana.

Mayi uja adafunsa kuti aphikira chiyani. Yankho loona ndi lakuti mawa aphikirabe makala, koma thumba limene linkatha m'milungu itatu lingathe kufika milungu inayi kapena kuposerapo. Njira zake amayi athu ambiri amazidziwa kale. Nyemba zikagona m'madzi usiku zimapsa msanga. Mphika wovindikira umawira msanga kusiyana ndi wapululu. Nkhuni zouma ndi zowaza zing'onozing'ono zimapereka moto wambiri ndi utsi wochepa. Ndiwo zikadulidwa, ufa n'kukhala pafupi, madzi n'kutungidwa moto usadakolezedwe, motowo suyaka pachabe. Makala otsala akazimitsidwa ndi dothi kapena phulusa, mawa amagwiranso ntchito. Zitsononkho ndi mitengo ya nandolo yotsala tikakolola ndi nkhuni zabwino ndithu.

Kwa ophikira nkhuni pali chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi n'kuwotchedwa, imene magulu a amayi amapanga m'maboma ambiri. Imatchinga mphepo n'kulunjikitsa moto pansi pa mphika, choncho imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Imachepetsanso ngozi ya mwana kugwera pamoto. Ndipo tisaiwale utsi. Mayi wophikira m'khitchini yopanda zenera, mwana ali kumbuyo, onse awiri amapuma utsiwo tsiku ndi tsiku, ndipo achipatala amatiuza kuti umayambitsa matenda a m'chifuwa monga chibayo. Kuboola zenera m'khitchini ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Amene Mulungu watipatsa zochulukirapo, udindo wathu ndi wochulukiraponso. Ngati tingathe kugula gasi kapena kuphikira magetsi, tisanene kuti nsima ya pa makala ndiyo imakoma pamene mtengo wa kukomako akulipira ndi ena.

5. Mtengo wodzala ndi mtengo wosamala

Mu 1922 ku Kenya, mlangizi wa za nkhalango wochokera ku England, Richard St. Barbe Baker, adagwirizana ndi atsogoleri a mtundu wa Kikuyu kuyambitsa gulu lotchedwa Watu wa Miti, kutanthauza anthu a mitengo. Olowa m'gululi ankalonjeza kudzala mitengo chaka chilichonse ndi kusamalira mitengo kulikonse kumene ali. Patapita nthawi pang'ono Baker adakhala m'Bahá'í, ndipo mu 1929, pamene ankayambitsa ntchito yomweyi ku Dziko Loyera, Shoghi Effendi adakhala membala woyamba wa moyo wonse wa gululo. Ntchito ya mitengo si yachilendo m'Chipembedzo chathu, ndipo nkhani imeneyi idayambira mu Africa momwe muno.

Kuno kwathu nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Chaka ndi chaka mbande zimadzalidwa, zithunzi zimajambulidwa, kenako mu Okutobala mbuzi ndi moto zimamaliza ntchitoyo. Bahá'u'lláh amafuna kuti tidziwike ndi ntchito osati mawu, ndipo pa nkhani ya mitengo ntchito yeniyeni imayamba tsiku lodzala litapita. Mitengo isanu yotchingidwa ndi minga, yothiriridwa m'chilimwe n'kulambulidwa moto usadafike, imaposa mitengo 100 yodzala n'kuiwala.

Njira ina siifuna ndalama n'komwe. M'minda mwathu muli zitsa zamoyo zimene zimaphukira chaka chilichonse, ife n'kumasadza mphukira zonse polima. Tikasankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa, n'kudula zinazo, zimakula msanga chifukwa mizu yake ndi yakale ndipo idalowa kale pansi. Nthambi zosadza chaka ndi chaka zimakhala nkhuni za pakhomo.

Chipembedzo chathu chimaphunzitsa kuti sayansi ndi chipembedzo ziyenera kuyendera limodzi, choncho timamvera alangizi a zaulimi ndi a zankhalango. Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja, motero suphimba chimanga, ndipo umabwezera chonde m'nthaka. Nandolo amapereka ndiwo, nkhuni ndi chonde nthawi imodzi. Udzu wa vetiva pa akalozera umagwira dothi pamalo otsetsereka. Bulugamu amakula msanga koma amamwa madzi ambiri. 'Abdu'l-Bahá adalangiza alimi a ku 'Adasíyyih, m'chigwa cha Yordano, kudzala mitengo imeneyi kuti iumitse zithaphwi zimene zinkaswa udzudzu. Kumeneko idathandiza. Ife tikaidzala pafupi ndi chitsime kapena pa gwero la mtsinje, idzachita zomwezo n'kutiumitsira madzi akumwa. Mtima wabwino umafunika kuyenda ndi nzeru.

6. Dzala, jumbo ndi madzi

Ukhondo ndi lamulo kwa ife, ndipo suthera pa kusamba ndi kuchapa. Munthu amene wasesa bwalo lake n'kukataya zinyalala mu ngalande kapena mu mtsinje wangosuntha uve kuupereka kwa mnzake wa kumunsi.

Zambiri zimene timataya pakhomo ndi zowola: makoko, masamba, zotsala za ndiwo, zitosi za nkhuku, phulusa. Zimenezi zikaikidwa m'dzenje lakelake, mosanjikiza zouma ndi zaziwisi, n'kumathiridwa madzi pang'ono ndi kutembenuzidwa, m'miyezi yochepa zimasanduka manyowa. Pa nthawi imene feteleza wakwera mtengo chonchi, kutentha mapesi ndi masamba n'chimodzimodzi kutentha ndalama. Bahá'u'lláh adaika ulimi patsogolo pa zinthu zoyendetsera moyo wa anthu, ndipo adakweza ntchito yochitidwa ndi mtima wotumikira kukhala kupembedza. Wotembenuza manyowa kuti banja lake ndi anansi ake adye akupembedza, ngakhale manja ali bii.

Pulasitiki ndiye saola. Amatseka ngalande, madzi n'kulowa m'nyumba za anthu. Mbuzi ndi ng'ombe zikamudya zimawonda n'kufa. Ambiri a ife tidazolowera kuyatsira mbaula ndi jumbo chifukwa amagwira moto msanga, koma utsi wake ndi wapoizoni, ndipo woyamba kuupuma ndi amene wawerama pa mbaulayo, kawirikawiri mwana wamkazi amene tamutuma. Udzu wouma, tizitsotso ndi zitsononkho zimayatsa bwino lomwe. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Ife a Bahá'í timalamulidwa kumvera malamulo a dziko limene tikukhala, posayembekezera kuti wapolisi atione. Dengu, chikwama cha nsalu kapena chitenje chakale zidanyamula katundu wa agogo athu ku msika zaka zambiri jumbo asadabwere.

Madzi otsukira mbale ndi a ku bafa angalunjikitsidwe pa phando la nthochi kapena la mapapaya m'malo moti adikhe pabwalo n'kumaswa udzudzu. Ndowa ndi migolo yotchera pansi pa denga nthawi ya mvula imachepetsa maulendo a ku mjigo. Nkhwani, khwanya ndi bonongwe zikachuluka m'dzinja, mfutso umatisungira ndiwo za m'chilimwe popanda firiji. Mkute wa m'mawa si manyazi.

Ziweto nazo zili m'phunziroli. M'buku lake la malamulo, Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh adaletsa kusenzetsa nyama katundu woposa mphamvu zake, ndipo 'Abdu'l-Bahá adalimbikitsa kuti ana aphunzitsidwe chifundo pa nyama kuyambira ali aang'ono. Bulu wokoka ngolo, ng'ombe ya pa goli ndi mbalame imene mwana akuilondola ndi legeni, zonse zimamva kupweteka ngakhale sizingapite kwa mfumu kukadandaula.

7. Banja likhale pansi

Pali ngozi imodzi pa zonse tanenazi. Bambo angathe kubwera kuchokera ku gulu la maphunziro, mtima uli phwii, n'kukalamula kunyumba kuti kuyambira lero makala achepe, manyowa apangidwe, mitengo ithiriridwe. Ndani adzachite zimenezi? Mayi ndi ana aakazi, amene kale lomwe amatunga madzi, amatola nkhuni ndi kuphika. Kumeneko ndi kuwonjezera katundu pa mutu umene wasenza kale.

Timakhulupirira kuti mkazi ndi mwamuna ndi ofanana pamaso pa Mulungu. 'Abdu'l-Bahá adawafanizira ndi mapiko awiri a mbalame imodzi, imene singauluke phiko lina likafooka. Kufanana kumeneku kuoneke pa ntchito. Bambo akumbe dzenje la manyowa, aboole zenera la khitchini, atchinge mbande. Mwana wamwamuna apite ku mjigo ndi kukoleza moto monga mlongo wake. Mtsikana amene wapeputsidwa ola limodzi lotola nkhuni wapatsidwa ola limodzi lowerenga.

Chida chimene Bahá'u'lláh adatipatsa ndi kukambirana. Banja liyambe ndi pemphero, kenako aliyense anene maganizo ake momasuka ndi mwaulemu, kuyambira amene amaphika, chifukwa ndiye akudziwa kumene nkhuni zimathera. Ana nawonso afunsidwe. Ganizo likaperekedwa limakhala la onse, ndipo chimene banja lagwirizana onse achigwire ndi mtima umodzi. Pakatha mwezi likhalenso pansi n'kuona chimene chayenda ndi chimene chakanika. Ndi momwe timachitira pa ntchito zonse za Chipembedzo: kuphunzira, kukambirana, kuchita, n'kubwereranso kudzaunika.

Nanga bambo wa njinga uja? Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, njala idagwa ku Haifa ndi ku 'Akká. 'Abdu'l-Bahá adali atakonzeratu. Adalimbikitsa ulimi wa tirigu m'minda ya kufupi ndi nyanja ya Galileya, adasunga zokolola, ndipo njala itafika adadyetsa osauka a zipembedzo zonse. Mu 1920 boma la Britain lidamupatsa ulemu chifukwa cha ntchito imeneyi, koma Iye sankadzitchula ndi dzina la ulemulo. Chitsanzo chake chimatiuza kuti wanjala timamufikira ndi chakudya komanso njira yopezera chakudya. Sitingauze munthu kuti asiye makala ife osafunsa kuti ana ake adya chiyani.

Pa gulu lathu, titapepesa kwa bamboyo, tidakambirana naye. Banja lina lidamubwereka kadimba kamene kadagona. Amayi a banki mkhonde adamukongoza ya mbewu ya tomato ndi mpiru. Achinyamata achisodzera adathandiza kudzaza machubu a nazale imene iye akuiyang'anira. Makala sadasiyiretu. Miyezi ina dimba likakanika amakwerabe njinga usiku. Koma maulendo ake achepa, ndipo pa gulu sakhalanso chowerama. Mayi uja naye akugulabe makala, koma mabanja atatu a mu mzere wawo wa nyumba adagwirizana zophikira nyemba pa moto umodzi mosinthana. Mutu umodzi susenza denga.

8. Kodi zazing'onozi zisintha chiyani?

Wina angafunse kuti mbaula imodzi ndi mitengo isanu zingaletse bwanji namondwe. Sizingamuletse. Pamafunika malamulo abwino, magetsi odalirika ndi mgwirizano wa mayiko onse, ndipo ife monga nzika tiyenera kulankhulapo pa misonkhano ya m'mudzi ndi m'makomiti a chitukuko, popanda kulowa m'mikangano ya zipani. Koma malamulo amagwira ntchito pakati pa anthu amene mitima yawo yakonzeka, ndipo mitima imakonzedwa pakhomo. Mwana amene wakula akuona bambo ake akuthirira mtengo umene iwo sadzadya zipatso zake ndi amene mawa adzakhale mfumu, mphunzitsi kapena woyang'anira nkhalango wokana chiphuphu. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo aliyense amene adatolapo nkhuni amadziwa kuti mwambiwu ndi woona.

Phata la chikhulupiriro chathu ndi umodzi wa mtundu wa anthu. Dothi lokokoloka ku Ntcheu limafika ku Chikwawa. Madzi a Shire amakathira mu Zambezi ku Mozambique, kwa anthu amene sitidzawaona. Ana amene sadabadwe nawonso ndi a m'banja lomweli, ngakhale sangakhale nafe pansi kukambirana. Dziko ili tidasungitsidwa, ndipo wosungitsidwa katundu amadziwika kukhulupirika kwake pa tsiku limene mwini wake wabwera kudzafunsa.

Choncho mawa m'mawa, tikatha kupemphera n'kupita kukakoleza moto, tisaganize kuti kupembedza kwatha. Tichite zimene tingathe ndi zimene tili nazo, osanyoza amene akuchita zochepa, osanyada ndi zimene tachita ife. Mulungu amene amaona njere ya mpiru m'dothi amaonanso khala limodzi lozimitsidwa chifukwa chokonda zolengedwa zake.

Mafunso okambirana

1. Kodi funso la mayi uja tikadaliyankha bwanji likadafunsidwa pa gulu lathu lino?

2. Pakhomo pathu, ndi pati pamene timapyola muyeso? Aliyense anene za nyumba yake yokha.

3. Ndani amatola nkhuni, kutunga madzi ndi kuphika kwathu? Kusintha kumene tikuganiza kudzamupeputsa kapena kudzamulemetsa?

4. Kodi m'dera lathu muli anthu amene amadalira makala, nkhuni kapena kuwotcha njerwa kuti adye? Tingakambirane nawo bwanji mosawachititsa manyazi?

5. Ndi ntchito iti imene ana a m'makalasi athu ndi achinyamata achisodzera angagwire limodzi ndi anansi a zipembedzo zina mvula isadayambe?

Zochita tisadakumanenso

Banja lililonse likhale pansi, lipemphere, n'kusankha chinthu chimodzi chokha chimene lingayambe sabata ino ndi kuchipitiriza. Tikadzakumana tidzafotokozerana mmene zayendera, zotheka ndi zokanika zomwe, ndipo zimene taphunzira tidzazipereka pa nthawi ya zokambirana pa Phwando la Masiku 19 likubwerali.

Titseke ndi mapemphero. Tikumbukire amene adatisiya pa namondwe uja, ndi mabanja amene mpaka lero akumanganso.